Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Botolo la Malovu

Ndinalekezera paja mwana wanga woyamba atalowa kalabu ya masewera ogwetsana ku Pretoria. Atakwanitsa zaka 16, mnyamatayu anasintha. Akabwera kokonzekera ankangodziponya pampando, nsapato osavula. Amsinkhu wake amalimbana mphindi 2, n'kupuma masekondi 30, n'kulimbananso mphindi zina 2. Chigawo choyamba ankagwira ngati nkhanu, koma chachiwiri miyendo inkangoti lobodo, mnzake n'kumugwetsa ngati thumba la madeya.

Kholo lina linandikokera pambali n'kundiuza za chithandizo cha ozone. Mpweya wa oxygen umene timapumawu uli ndi maatomu 2, pomwe ozone ali ndi 3. Amakutenga magazi pamkono, kuwasakaniza ndi mpweyawo, kenako n'kuwabwezera m'thupi. Akuti kutopa kumatheratu. Ndinakhulupirira, mpaka ndinayamba kupatula ndalama zomwe ndinkayenera kutumizira amayi ku Ntcheu.

Mwayi wake ndinayamba ndafunsa mphunzitsi wake. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndisayerekeze. Malamulo a WADA, bungwe la padziko lonse lolimbana ndi mankhwala owonjezera mphamvu pa masewera, amaletsa kuchotsa magazi a wosewera n'kuwabwezeranso m'thupi, ndipo kuno ku South Africa a bungwe la SAIDS ndi amene amalondoloza zimenezi. Mwana akanatha kuletsedwa kusewera. Anandiuzanso kuti bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, limati ozone ndi mpweya wapoizoni wopanda ntchito yodziwika pochiza. Kenako anandifunsa funso limene limandiwawabe mpaka lero: kodi mwanayu akudya?

Ndinati eee, akudya. Chonsecho ine ndinkachoka m'mamawa kusanache, kubwera iye atagona.

Mayi ake ndiwo anatsegula chikwama chake usiku womwewo. Munali pulasitiki yakuda yotayiramo zinyalala, ataiboola potulukira mutu ndi manja, ili chinyontho ndi thukuta. Ankaivala mkati mwa juzi pothamanga. Munalinso kabotolo kodzaza theka ndi malovu, ndi buledi wa masiku atatu atachita nkhungu. Thupi lake linali la makilo 60, iye akulikakamiza kuti litsike pa 55, chifukwa pa masewerawa osewera amaikidwa m'magulu potengera kulemera kwawo. Madzi sankamwa, ankangochukucha m'kamwa n'kulavula.

Tinamudzutsa. Ndinati, “Mwanangu, n'chiyani chimenechi?”

Anawerama. “Adadi, ndikadya sindikwana pa sikelo. Ndiye mudzakhala mwalipira pachabe.”

Mawu amenewo anandilasa mumtima. Mwana ankadzimana madzi m'nyumba mwanga momwe poopa kuwononga ndalama zanga, ine ndili kalikiliki kusakasaka zoti akamuboole mtsempha.

Mayi ake sanayankhule kanthu. Anateleka poto usiku womwewo, anaphika nsima ndi usipa umene unabwera pa basi kuchokera kumudzi. Anadya mitanda itatu misozi ili chuchuchu, ife titangokhala pambali pake. M'mawa mwake ndinapempha tchuthi kuntchito, tinapita naye kukliniki kukamuyeza magazi, ndipo pobwerera tinadzera kwa mphunzitsi uja kukamulembetsa pa makilo 60.

Za mpikisano wake woyamba pa sikelo yatsopanoyi ndidzakamba m'gawo 15.