Chithunzi changa chatuluka mu nyuzi, amayi akufunsa kuti ineyo ndili pati

Kamera yanga ndi Canon 600D yakalekale, achimwene anandibweretsera kuchokera ku Joni mu 2019, ndipo kachitseko ka batire kamagwira ndi selotepi mpaka lero. Ntchito yanga yeniyeni ndi ya choko, kujambula ndimangochita Loweruka, maukwati a anzanga amene ndalama ya wojambula weniweni yawavuta, makwaya, nthawi zina minda ya tiyi kukacha bwino kuno ku Mulanje. Basi. Zoti tsiku lina dzina langa lingaoneke pansi pa chithunzi mu nyuzi yogulitsidwa dziko lonse sindinkaziwerengera n'komwe.

Zinayambira pa Porters Race. Amene simuudziwa, ndi mpikisano wothamanga m'phiri umene umachitika mu Julaye, amayambira pa Likhubula kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa pamwamba kulowera ku Lichenya kenako kutsikanso pa Likhubula pomwepo, pafupifupi makilomita 25, ndipo otsogola amamaliza maola awiri atangodutsa pang'ono. Ulendo umenewo ine ndi mimba yangayi ndi wa tsiku lathunthu ndipo mawa lake sindingadzuke. Unayamba ngati wa anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri, pano aliyense amalowa, azimayi, azungu a nsapato zodula, koma kutsogolo kumakhala ana a konkuno, ena osavala ndi nsapato zomwe.

Tsikulo kunali chiperoni. Aliyense wojambula akudziwa kuti chiperoni ndi mdani, kuwala kulibe, kamvula kowazawaza kakugwera pa lenzi, ndiye munthu wothamanga kuti asatuluke ngati mzukwa umafunika shutter ya 1/1000, kutanthauza kuti kamera itsegule ndi kutseka diso lake mwachangu kwambiri, ndipo kuti zimenezo zitheke mumdima ngati umenewo ISO, imene imathandiza kamera kuona kuwala kukachepa, ndinaikweza mpaka 3200, pamene 600D ikangodutsa 1600 chithunzi chimayamba kuoneka ngati mwawazapo gaga. Ndinavindikira kamera ndi jumbo ya shuga, ndinaboola pa lenzi pokha, nkukakhala pa mwala chakumtunda m'njira yotsikira. Ndinajambula zithunzi zoposa 400. Zambiri zinyalala.

Koma chimodzi ndinachikonda heavy. Thanthwe la Chambe litatulukira pang'ono mu nkhungu, pansi pake kamunthu kakang'ono kakuthamanga, ndinati ichi ndiye chithunzi, ichi ndingachipachike pa khoma. Madzulo ndinaika zisanu ndi zitatu pa Facebook, nkukagona.

Lamlungu masana foni, nambala yachilendo. Bambo wina aulemu wake, akuti ali ku desiki ya zamasewera ku nyuzi ina ku Blantyre, mnzawo wawaonetsa zithunzi zanga ndipo akufuna chimodzi. Ine mtima phaa, ndinayamba kale kufotokoza za Chambe ndi nkhungu ija, iwo anandidula. "Ayi achimwene, cha phiricho ndi chokongola koma ndi cha pa kalendala. Tikufuna cha mayi uja." Cha mayi uja ndinatsala pang'ono kuchifufuta! Mayi akudumpha kamtsinje, phazi lopanda nsapato lili m'malere matope akudontha, nkhope yonse itakwinyika, dzanja limodzi linachita blur ndipo mutu ndinatsala pang'ono kuudula. Kwa ine chinali cholakwika. Kwa iwo nkhani yonse inali pa nkhope imeneyo.

Kenako anandifunsa funso limene linandivula. "Dzina lawo ndani, akuchokera mudzi uti, anamaliza pa nambala chani?" Zii. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga za aperture ndi rule of thirds pa YouTube mpaka bandulo kutha, palibe anandiuzapo kuti chithunzi cha mu nyuzi chopanda dzina la munthu ndi theka chabe. Anandipatsa mpaka 4 koloko. Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kuchokera pa Chitakale kubwerera ku Likhubula, chiperoni chikadalipo, ndili ndi nambala ya pachifuwa ya mayiyo yokha imene ndinachita zoom pa kamera. Anyamata onyamula katundu amene amadikira alendo pamenepo atangoona anaseka, akuti aaa awa ndiye alamu athu, amatsika ndi mtolo wa nkhuni m'phirimu daily, mpikisanowu kwa iwo ndi tsiku lopuma poti pamutu palibe kanthu. Mmodzi anandiperekeza mpaka pakhomo. Ndinawapeza akusenda chinangwa miyendo atatambasula, ndinawaonetsa chithunzi, anagwira pakamwa, kenako akuti "ndiye nkhope imeneyi anthu akaione ku Lilongwe?" Tinakambirana, amuna awo anabwera, anavomera, dzina ndinalemba iwo akunditchulira chilembo chimodzichimodzi. Pano sindilitchula, chilolezo anapereka cha nyuzi osati cha ine.

Kutumiza nakonso inali nkhondo. Ndinaponya pa WhatsApp mmene timachitira tonse, bambo aja akuti ayi, WhatsApp imafinya chithunzi, cha 18 megapixels chimafika chitatsala kachidutswa, pa foni chimaoneka bwinobwino koma pa pepala chimasweka. Tumizani ngati document kapena pa imelo, osachikongoletsa, osaika watermark, osachotsa kanthu kapena kuwonjezera kanthu. Chinanso chimene ndinaphunzira tsiku limenelo ndi choti pepala la nyuzi limamwa inki, chithunzi chimada kuposa mmene chikuonekera pa sikirini, ndiye malo amdima amangosanduka bii. Netiweki yake ya tsiku limenelo, ndinaima pa chulu kuseri kwa nyumba foni m'mwamba ngati ndikudalitsa mudzi.

Lolemba 6 koloko ndinali kale pa boma kudikira nyuzi, wogulitsa mpaka anadabwa poti amandidziwa kuti ndine wa gulu lija lowerenga mitu yokha nkubweza. Ndinagula zitatu. Tsamba lakumbuyo, chachikulu ndithu, anachidula mbali zonse mpaka kamtsinje kanatsala pang'ono, ndipo gaga uja wa ISO amene ndinkadandaula naye sankaoneka n'komwe, pepala linameza zonse. M'mbali mwake timalemba ting'onoting'ono toyenda chokwera, dzina langa. Ndinaliwerenga kangapo ngati mwina lisintha kkkk.

Ndalama anatumiza pa foni patapita masabata angapo. Musafunse. Nditachotsa ya kabaza, bandulo ndi nyuzi zitatu zija, yotsalayo inakwana memory card yatsopano ndi fanta. Sindikudandaula ayi, iwo anaimba foni, anapempha, analemba dzina. Amene anandinyansa ndi ma page ena a pa Facebook amene anatenga chithunzi chomwecho nkudula dzina langa, ena mpaka kumatapo logo yawo pa mwendo wa mayi uja, wina kulemba kuti ndi ku Kenya. Malamulo a copyright tilinawo, a 2016, ndipo COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso, ilipo, koma kodi mphunzitsi wa ku Mulanje angathamangitsane ndi admin wosadziwika yemwe ukamulembera amangoyankha ndi ka emoji? Ndinalembera awiri, mmodzi anabweza dzina, winayo anandibloka.

Nyuzi imodzi ndinakapereka kwa mayi aja Loweruka lotsatira. Ana a m'mudzi anaunjikana, aliyense akufuna kugwira, iwo anangoyang'ana kamodzi nkuipinda bwinobwino, akuti chaka chamawa ndikawajambule akumwetulira. Ina ndasunga mu envelopu limodzi ndi masatifiketi.

Yachitatu ndinapita nayo kwa amayi anga. Anavala magalasi, anayang'ana chithunzi nthawi yaitali, anatembenuza tsamba kuona kuseri, kenako akuti "iwe, ndiye iweyo uli pati apa?" Ndinawalozera timalemba tija m'mbali. Anati ooh, mwaulemu ndithu, ngati mmene amayankhira mwana akawaonetsa galimoto ya mawaya. Koma mlongo wanga akuti tsambalo analidula nkuliika m'Baibulo, ndipo mlendo aliyense akabwera amalitulutsa, amvekere "anajambula ndi mwana wanga uyu, kungoti iyeyo sakuoneka, anaima kumbuyo."