Gitala yanga ya ku Limbe inathawitsa tambala wa ankhoswe

Ine kuimba ndinayambira pa banjo ya chigubu. Amene munakulira kuno ku chigwa mukuidziwa, chigubu cha mafuta, kathabwa, mawaya a buleki ya njinga, basi nyimbo zayambika pansi pa mtengo wa masawu mpaka amayi atulukire ndi mthiko. Ndiye chaka chatha msuweni wanga atandiuza kuti chinkhoswe chake chili mu October komanso akufuna ndidzaimbe ineyo, ndinati ayi, munthu wandevu ngati ine sindingakaime pamaso pa akuchimuna nditakolekera chigubu m'khosi, pakufunika gitala yeniyeni ya nsambo 6.

Ndinagulitsa mbuzi pa msika wa pa Ngabu, nkuphatikiza ndi kachenji kotsala pa chitowe, zonse pamodzi K85,000, thiransipoti momwemo, chips cha pa njira momwemo.

Ndisananyamuke ndinadzera kwa atsibweni anga. Mkuluyu zaka za m'ma 1980 ankaimba gitala m'kabandi kena ku Nchalo, pa malipiro a anthu odula nzimbe ndiye kunkakhala iwowo, mpaka lero nsonga za zala zawo za kumanzere ndi zolimba gwa. Anandikhazika pa mkeka nkuyamba sukulu.

"Iwe, gitala sagula poona kunyezimira. Ukaipeza uikweze, utsinzine diso limodzi, uyang'ane khosi lake kuchokera kumutu mpaka kumimba, likhale lowongoka. Kenako uwerenge tizitsulo topingasa tija, ma fureti, ukafika pa 12 uone mpata wa pakati pa nsambo ndi kachitsuloko, ukhale mamilimita awiri kapena atatu basi, ukaposa pamenepo zala zako zidzakutukwana. Udinikize pa 12 pomwepo, liwu lifanane ndi la nsambo yosadinikiza, kungoti lokwera. Makiyi ochunira uwapotokole onse, asamabwerere okha. Ndiye kathabwa ka pamimba paja, komwe amamangako nsambo, uyese kulowetsa pepala kunsi kwake, likangolowa thawa, guluu wataya ameneyo."

Ndinawafunsa za zija amanena anthu zoti gitala yabwino ndi ya thabwa lenileni osati pulayiwudi, anangoseka. Anati ndi ndalama ya mbuzi imodzi usamalote thabwa lenileni, komanso kuno kotentha chonchi ya pulayiwudi imapirira bwino, siing'aluka msanga, bola khosi lowongoka basi. Panali chinanso chomwe anayamba kunena, cha mitundu ya nsambo, koma minibasi inali ikuimba hutala pa msewu ndiye ndinangoti atsibweni ndamva zonse, nkuliyatsa liwiro.

Mu Blantyre ndinayamba ndi mashopu aulemu aja, a magalasi, oti ukalowa umayamba wapukuta fumbi la ku Ngabu pa chitseko. Ndinaona Yamaha F310 itapachikidwa, yokongola zedi, ndinaigwira nkumva kuti eya, gitala ndi imeneyi. Nditafunsa mtengo mnyamata wa m'shopumo anatchula nambala yaitali moti ndinatulutsa foni kuti ndiisevule, ndimayesa akundipatsa nambala ya abwana ake. Anati achimwene chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 katundu wochokera kunja sakugwirika, ngakhale paketi ya nsambo yokha yakwera. Anandionetsanso C40, yokulirapo khosi, ya nsambo zofewa za nayiloni, nayonso mbuzi yanga inali kutali. Ndinathokoza mwaulemu, ndinati ndikatenge kaye ndalama ku banki, banki yake iti kkkk.

Ndiye ndinakwera ya ku Limbe.

Ku Limbe sindinasake gitala, gitala ndi imene inandipeza. Ndikungozungulira cha kumene amagulitsa mawailesi akale kuja, mnyamata wina wa kapusi yotembenuza anandigwira mkono, "biggie mukusaka gitala eti?" Ine mwadziwa bwanji? Iye nkhope yanu ikuchita kuoneka kuti ndi ya oimba. Aaa amwene, chibadwire palibe anandiuzapo mawu okoma chonchi, ngakhale kwathu. Tinakhota, tinakhotanso, kuseri kwa ma kontena, nkutulutsa gitala m'thumba la feteleza. Yonyezimira, yopakidwa polishi, kumutu kuli zilembo zagolide YAMAHA, nsambo zachitsulo zatsopano zikuchita kuthobwa m'maso. Mutu wake unali wa mabowo awiri aatali, nsambo zikukulungidwa pa timapaipi toyera m'katimo, khosi lotambalala, ine ndinangoti ndi sitayilo. Anati inali ya mzungu wina wabwerera kwawo, 150 koma poti ndinu oimba tikambirana.

Malangizo a atsibweni ndinawakumbukira ndithu, musaganize kuti ndinaiwala. Ndinaikweza, nditangoti nditsinzine diso mnyamata uja anailanda, "dikirani biggie muimve kaye mawu", nkuyamba kuikhwatcha. Amaimba bwino mfana ameneyo, chilungamo chake, koma zala zake sizinachoke pa ma fureti atatu oyambirira, komanso nsambo zinali zokhwefula kwambiri, mawu ali pansi, ndiye ukadinikiza zimamveka zofewa bwinobwino. Nditati ndiwerenge mpaka pa 12 anati kumeneko ndi kwa anthu a jazi, inu mumaimba jazi? Ine ayi. Za pepala zija, pepala lokhalo lomwe ndinali nalo linali ma K5,000 anga, ndipo linalowa bwinobwino, m'thumba mwa iyeyo. Tinamalizirana pa K65,000, thumba la feteleza anandipatsa ulere.

Pa siteji kondakitala anati madala chimenecho chilipira mpando. Ndinati gitala ilibe matako ilipira bwanji mpando, tinakangana mpaka anthu anayamba kulowerera, mapeto ake anaiika kumbuyo pamwamba pa matumba a kabichi, pa galasi penipeni, buti nkumanga ndi chingwe. Amene mumayenda msewu wa M1 mukudziwa mmene zimakhalira, mu Blantyre kamphepo kali bwino, mukangoyamba kutsika mapiri aja makhotakhota, Shire nkuonekera kumunsi, mpweya umasintha, pofika pa Thabwa aliyense wavula juzi ndipo khanda lililonse m'galimoto layamba kulira. Gitala yanga inali pa dzuwa ulendo wonsewo. Titawoloka Kamuzu Bridge nkuima pa Dyeratu ndinatsika kukaisuzumira, thumba litatseguka, Y wagolide uja wamatuka wagwera mu kabichi, yatsala AMAHA. Pa Nchalo inali MAHA. Mayi wina amene anakhala kumbuyo anati achimwene mukafika ku Ngabu itsala HA, minibasi yonse kuphulika nako kuseka mpaka dalaivala.

Kunyumba ndinadawuniloda ka apu kochunira pa foni, kaja kamaonetsa E A D G B E, ukakoka nsambo kamakuuza kuti kweza kapena tsitsa. Nsambo zonse kankati kweza. Ndikukweza, gitala ikuti tsee, ndikukweza, ikuti tsee tsee kumimba uku, ine nkumati ikuzolowera nyengo. Nditamaliza mpata wa pa 12 uja unali woti chala changa cha nkombaphala chimadutsa osakhudza kalikonse. Kudinikiza F kunkafuna pemphero. Sabata isanathe zala zinali matuza okhaokha, kudya nsima yotentha ndimachita kugwiritsa supuni, mlongo wanga nkumandifunsa ngati ku Limbe ndinagulakonso chizungu.

Komanso musaiwale kuti ndi October wa ku Ngabu, kutentha kopitirira madigiri 40, nyumba yamalata yopanda siling'i, yoti masana ngakhale nkhuku sizilowamo. Gitala ndinkaipachika pa msomali pafupi ndi denga kuopa ana. Mmawa uliwonse ndimaipeza yatsika mawu, ine nkukwezanso, iyo nkuti tsee. Atsibweni anatumiza mwana kuti ndibwere nayo aione, ndinati ndidzawadzidzimutsa pa tsikulo.

Ndipo anadzidzimukadi.

Tsiku la chinkhoswe anthu anadzadza, tenti yobwereka, thobwa m'ndowa, akuchimuna atachokera ku Nsanje pa lole atatchena ma suti pa dzuwa limenelo. Perekani perekani itadutsa kagawo, ankhoswe anaimirira kuti asinthane nkhuku, wa kuchimuna atanyamula tambala wamkulu wofiira, wa kuchikazi thadzi, ndiye MC anati zisanachitike zimenezi timve kaye nyimbo yapadera kuchokera kwa msuweni wake wa mkwatibwi, katswiri wathu wochokera ku Blantyre. Ku Blantyre ndinangopitako kukagula gitala koma sindinatsutse. Kamnyamata kena kanagwada kutsogolo kwanga katagwirizira maiki pa gitala, ine nkuona kuti yatsikanso, ndinatulutsa foni nkukweza nsambo zonse mpaka apu inaonetsa zobiriwira, ndinawonjezeranso pang'ono kuti mawu akafike kwa a pa lole.

Vesi yoyamba inayenda bwino, ndikunena zoona, amayi anayamba nthungululu, msuweni wanga akumwetulira, ine mtima uli m'malo. Polowa kolasi ndinati ndiimenye mwamphamvu.

PHWAAA!

Kathabwa ka pamimba kaja kanazuka konse, ndi nsambo zake zonse 6, nkuuluka kukamenya maiki, maiki nkugwera pa sipika, sipika nkukuwa mokuti agogo ena anataya chikho cha thobwa nkudziponya pansi akuitana Yesu. Kamnyamata ka maiki sindinakaone kuti kanadzera kuti. Azibambo a ma suti ena anali kale kuseri kwa lole. Ine ndaima pakati pa bwalo, mawaya akulendewera kumutu kwa gitala, kathabwa kakuzungulira kumapazi kwanga, pakamwa pakadali potsegula chifukwa kolasi ndinali ndisanaimalize.

Koma nkhani yaikulu sinali ineyo, inali tambala. Nkhoswe wa kuchimuna podzidzimuka anamutaya, ndipo chingwe cha kumiyendo anali atamasula kale kuti zithunzi zioneke bwino. Tambala anadumpha tebulo la keke, kudutsa pakati pa amayi a mvano, nkulunjika ku munda wa mapira. Mwambo sungapitirire popanda tambala, ndiye MC anangoti pa maiki ina "anyamata tambalayo", chinkhoswe chonse chinasanduka mpikisano wothamanga, ana patsogolo, anyamata pambuyo, nkhoswe mwini wake ndi suti yake ndi nsapato zosongoka akukuwa m'Chisena, fumbi kobo. Anakamugwirira ku mjigo, atatopa tambala atatopanso anthu. Pobwera naye nthenga za kumchira zinali zitatsala ziwiri, nkhoswe wa kuchikazi polandira anamuyang'ana nkufunsa kuti kodi mwana wanuyo nayenso amathawa chonchi? Anthu anaseka mpaka mkwati anabisa nkhope.

Atsibweni sanaseke. Anabwera pang'onopang'ono, kundilanda gitala, kuyang'ana kumutu kuja kwa mabowo awiri, nkupukusa mutu.

"Iwe, suona kuti iyi ndi ya nayiloni? Ndi zimene ndimakuuza uli kuthamangira minibasi. Mutu wa mabowo chonchi, khosi lotambalala, nsambo zomanga mfundo pa kathabwa, imeneyi saika zachitsulo. Nsambo za nayiloni zonse pamodzi zimakoka makilogalamu ngati 40, zachitsulo cha m'ma 70. Gitala ya nsambo zachitsulo amaiika chitsulo m'kati mwa khosi, chomanga ndi alenikii, ndi timitengo tolimba kunsi kwa mimba. Iyi ilibe. Waisenzetsa thumba la chimanga ndi lina theka, nkuipachika ku malata kuti guluu asungunuke, umati itani?"

Anatembenuza kathabwa kaja nkundionetsa kunsi kwake, supa guluu wouma mbuu, kusonyeza kuti kanazukapo kale kwa mzungu uja, kaya ndi mzungu wa ku Ndirande kaya wa ku Bangwe. Ndinati atsibweni ndiye nditani, ndibwerere ku Limbe? Anati ukamupeza kuti, thiransipoti yake ugulitsanso mbuzi ina?

Anaitenga okha kupita nayo kwa kalipentala wina mnzawo, anapala guluu wakale, kuika guluu wa matabwa, kumanga ndi zopanira mpaka m'mawa mwake, kenako mkuluyo poti sakhulupirira guluu anaboola nkuwonjezera mabawuti awiri. Nsambo zitatu zazikulu atsibweni anapereka zawo zakale za m'chikwama, zitatu zazing'ono tinaika twaini wa mbedza wa makulidwe osiyanasiyana wochokera kwa asodzi a ku Elephant Marsh. Khosi linakhota ndithu silinabwerere, kupitirira fureti 5 kulibe nyimbo, koma munsimu ikulira, mawu ake ofatsa, zala sizikupwetekanso. Pano imagona pansi pa bedi, nsambo nditakhwefula. Zilembo zinatsala M ndi A.

Chomwe sindinadziwe nchoti wina anajambula zonse pa foni, kuyambira phwaa uja mpaka ku mjigo, ndipo vidiyoyo yazungulira magulu a WhatsApp kuyambira Chikwawa mpaka Marka. Sabata yatha ndinalandira foni ya nambala yachilendo, mayi aulemu ndithu a ku Bangula, akuti mwana wawo ali ndi chinkhoswe mwezi wa mawa ndipo akufuna ndikaimbe, thiransipoti alipira, chakudya chiliko, kangachepe kaliponso. Ndinakhosomola kaye nkuwauza kuti mayi musade nkhawa, gitala ija inakonzedwa, pano ili ndi mabawuti, singachitenso zija.

Anakhala chete pang'ono.

"Ndiye kuti siiphulikanso?"

Ine ayi mayi, olo pang'ono.

"Aaa. Chabwino achimwene, ndikambirane kaye ndi bambo akunyumba, mwina tingoitana DJ."