Loweruka m'mbali mwa Bua, ku gemu ya Nkhotakota

Tinanyamuka pa Salima kusanache, atatu: ine, alamu anga amene ndi eni galimoto, ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Fomu 3. Cholinga chinali chimodzi, kukayenda pansi m'nkhalango ya Nkhotakota, kumene eni dera amangoti ku gemu. Alamu anavomera monyinyirika. Kwa iwo Nkhotakota ndi kogula mpunga ndi nsomba basi, ndipo zothira mafuta kuti ukatope m'tchire amati ndi za azungu.

Pa Kaphatenga tinakhotera kumpoto mu M5. Kuchoka pa Salima kufika pa boma la Nkhotakota ndi makilomita opitirira pang'ono 100, koma panthawiyo msewu uwu sankawerengera makilomita, ankawerengera maenje ndi timilatho topapatiza tomwe galimoto ziwiri sizikanadutsana. Chimene ndinaona kwambiri m'mawa umenewo ndi njinga. Kuyambira cha ku Khombedza mpaka Benga tinkangokumana ndi anthu akukankha matumba a makala, ena atatu pa njinga imodzi, onse kulowera kumene ife timachokera. Sindiwanena, nanenso kwathu mbaula imayaka ndi makala omwewo. Kungoti ukawaona ambiri chonchi pa tsiku limene ukupita kukaona mitengo, mtima umakhala pena.

Pa mlatho wa Chia, pomwe madzi a dziwe lalikulu lija amalumikizana ndi nyanja, amayi anali atayala kale nsomba. Alamu anafuna kuima. Ndinawakumbutsa kuti chambo chogula 7 koloko m'mawa sichingapirire dzuwa la September m'galimoto yotseka, tidzagula pobwerera.

Pa boma tinamwa tiyi ndi mandasi, kenako tinamutengera mwanayo ku mkuyu uja uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's ndi tchalitchi cha All Saints, pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe, mfumu yogulitsa akapolo ya pamalopo, mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo. Anaziphunzira m'kalasi koma samadziwa kuti mtengowo ulipobe. Anafunsa kuti akapolowo ankapita kuti, ndipo ndinamulozera kum'mawa: amawolotsedwa nyanja pa zombo, kenako ulendo wa pansi mpaka Kilwa ku gombe la Tanzania. Sitinakhalitse, dzuwa linali litayamba kale kukwera.

Kuchoka pa boma tinapitirira pang'ono njira ya ku Dwangwa, kenako tinasiya tara n'kulowa kumanzere mu msewu wa fumbi wodutsa m'minda ya chinangwa. Minda imafika mpaka pa waya wa magetsi. Mbali ino nthaka yofiira, zitsa, mbuzi. Mbali inayo mitengo yokhayokha mpaka kumene maso alekezera. Kusiyana kwake n'kochititsa manyazi. Pa geti tinalipira mtengo wa Amalawi, womwe ndi wotsikirapo kusiyana ndi wa alendo akunja, ndipo anatipatsa wa gemu mmodzi wa mfuti, chifukwa m'menemo suyenda wekha.

Bamboyo anali wosachulutsa mawu. Anatiuza zitatu zokha: tiyende mondondozana iye ali patsogolo, tisamayankhule mokweza, ndipo chilichonse chikatulukira tisathawe mpaka iye atanena. Kenako anamuyang'ana mwanayo, amene anavala malaya a buluu ndi jinzi yakuda, n'kupukusa mutu. “Achemwali, lero kashembe akudyerani phwando.” Kashembe, ntchentche yoluma ya m'tchire, amakopeka ndi mitundu iwiri imeneyi, n'chifukwa chake nsalu zomukolera zimene amazimangirira m'njira zimakhala za buluu ndi zakuda. Alamu anam'bwereka shati yawo yotuwa imene inali m'galimoto. Inathandiza kumtunda kokha, miyendo inalumidwabe, jinzi kashembe amaboola.

Nkhalango iyi ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800 kukula kwake konse, ndipo gawo lalikulu ndi mombo ndi mtondo, pena misuku, pena mlombwa. Mwezi wa September ndi wabwino kuiona. Udzu wauma, malo ena wapsa, koma mombo waphuka masamba atsopano ofiira ndi ena ofiirira, mvula isanagwe n'dontho lomwe. Amene amangodziwa nkhalango ya dzinja sangakhulupirire kuti mapiri onsewo amafiira chonchi. Njira yake si yokwera phiri lenileni, ndi zitunda ndi zigwa zosatha. Umatsika m'khwawa louma, kukwera, kutsikanso, ndipo pofika 10 koloko mawondo amakhala atadziwa. Chapatali kumadzulo kumaoneka phiri la Chipata, limene pamwamba pake pali nkhalango yobiriwira chaka chonse. Kumeneko ndi ulendo wina, wofunika kupangana nawo a gemu pasadakhale.

Nyama zoona ndi maso zinali zochepa: anyani, njiri ziwiri zikuthawa michira ili m'mwamba, ndi mbawala imodzi imene ine ndinangoona tchire likugwedezeka. Amene akufuna kujambula nyama zitaima poyera apite ku Liwonde. Kuno mitengo ndi yothithikana, ndipo chimene umaphunzira ndi kuwerenga pansi. Wa gemu uja anaima pa ndowe za njovu, n'kuzigawa ndi nsapato, n'kuika kuseri kwa dzanja pafupi. Anati ndi za usiku wathawu, kunja zauma koma m'kati zikadali zonyowa. Anatisonyeza phazi pa mchenga, lalikulu ngati lichero, ndi mtengo wa mombo wosendedwa khungwa kuyambira m'mwamba momwe munthu sangafikire. Kangapo konse ankatapa fumbi n'kuliwaza kuti aone kumene mphepo ikulowera. Njovu siona patali, koma fungo la munthu imalimva msanga, choncho umafuna mphepo izichokera kwa iyo kubwera kwa iwe.

Njovu zimenezi zambiri si mbadwa za kuno. Kale m'nkhalangoyi munali njovu zoposa 1,500, koma pofika 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, zinali zitatsala zosakwana 100. Mu 2016 ndi 2017 anabweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, pa malole, mabanjamabanja, pamodzi ndi nyama zina monga njati, mphalapala ndi ngoma. Mwanayo anafunsa ngati sizinafune kubwerera kwawo. Wa gemu anaseka koyamba tsiku lonse, n'kunena kuti pano zaberekana, ana obadwira ku Nkhotakota ndi ambiri.

Apa ndi pomwe alamu anayamba mlandu wawo. Ali ndi abale cha ku Mwansambo, ndipo anafunsa mosapsatira kuti nanga njovu ikathyola waya n'kudya chinangwa cha munthu cha chaka chonse, amene wapindula ndani? Ndimayembekeza kuti bamboyo azemba, koma anavomera kuti zimachitika, ndipo kuti iye mwini kwawo ndi mudzi wa m'mphepete mwa waya womwewo. Anati chimene angaikire umboni ndi misampha ya waya imene ankaizula tsiku ndi tsiku zaka zoyambirira, yomwe pano yachepa, komanso kuti midzi yoyandikana imaloledwa kulowa ndi chilolezo kukamweta udzu kapena kukazula bowa nthawi yake. Alamu sanakhutire, ndipo ine sindikuwaona olakwa. Mlendo wa tsiku limodzi amaona njovu mosiyana ndi munthu amene amagona akumvetsera kumunda.

Cha m'ma 11 koloko tinatsikira ku Bua, ndipo kwa ine tsiku lonse linali pamenepa. Mtsinjewu umachokera kutali, cha ku Mchinji, n'kudutsa zigwa za fodya ndi chimanga za chigawo chapakati, koma ukalowa m'gemu umatsika m'miyala ikuluikulu, madzi akuchita thovu, mibawa ndi mikuyu itaphimba magombe. Tinakhala pa thanthwe patali ndi madzi, chifukwa ng'ona zilimo, tinaona imodzi itayasamula pa mchenga tsidya. Nkhwazi inalira kumtunda. Tinadya mbatata yophika ndi mtedza zimene mlongo wanga anatilongedzera.

Ife a kunyanja timaiona nkhalango iyi ngati ya ena, ya alendo ndi a gemu, pomwe yathu ndi nyanja. Koma mpasa, nsomba imene aliyense pa Salima ndi pa Nkhotakota amaitchula akumeza malovu, siswana m'nyanja. Imakwera mitsinje kukaikira mazira m'timiyala ta pansi pa madzi oyera oyenda. Anthu akalima mpaka m'gombe ndi kudula mitengo, dothi limakokolokera mumtsinje n'kukwirira timiyala tija, ndipo mazira amafa. Onjezerani maukonde otchinga pa matsiriro ndi katupe wothira m'madzi, muona chifukwa chake mpasa yasowa m'mitsinje yambiri. Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene mpasa ikukwerabe, ndipo chifukwa chachikulu ndi mitengo yomwe tinakhala pansi pakeyo. Ndinawauza alamu kuti ngati njovu sakuzifuna, aiteteze nkhalangoyi chifukwa cha ndiwo. Anati mfundo imeneyo ndiye aimva.

Njovu tinaziona pobwerera, ngati kumeneko n'kuona. Kunamveka nthambi ikuthyoka tsidya la khwawa, wa gemu anakweza dzanja, tonse chilili. Pakati pa mitengo panadutsa misana itatu yotuwa ndi kamwana kumbuyo, mwina kwa theka la mphindi, kenako zii. Mwanayo anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. “Amalume, zija ndi zenizeni?” Foni inali m'thumba, palibe anakumbukira kujambula. Tinazungulira njira ina yotalikirapo, chifukwa njovu ya mwana siyiyandikiridwa, ndipo madzi akumwa anatithera tisanafike pa geti. Amene mukufuna kupitako miyezi yotentha ino, malita awiri pa munthu ndi poyambira chabe.

Pa boma tinadya kondowole ndi kampango pa kamalo kena pafupi ndi msika. Mwanayo kondowole anamulephera, akuti akukanirira kukhosi, anapempha mpunga. Tinadutsanso pa Mawira kuti aone madzi otentha otuluka pansi, koma tinapeza amayi akuchapa ndi kusamba, ndiye tinangobwerera patali.

Pa Chia alamu anatsika okha kukanenerera. Anayamba ndi “Mayi, mwaswera bwanji,” anatha mphindi makumi awiri, ndipo anabwera ndi chambo zinayi zomangidwa pa mlaza, n'kuzipachika pa galasi la kunja monga achitira aliyense pa msewu umenewu. Mpasa anafunsa, kulibe. Mayi wina anati ikapezeka imagulidwa isanafike n'pa msewu pomwe.

Titangodutsa Benga, kukuda, tayala la kumbuyo linaphulika pa dzenje. Tinasintha ndi kuwala kwa foni, anyamata awiri a kabaza anatithandiza kukweza galimoto chifukwa jeke imalowa mumchenga. Tinafika pa Salima cha m'ma 8 koloko.

Ndamuuza mlongo wanga kuti amuyang'anire mwanayo masabata akubwerawa. Kashembe ambiri alibe matenda, koma Nkhotakota ndi limodzi mwa maboma amene kaodzera amapezekabe, ndipo amayamba ndi kutentha thupi ndi mutu, zofanana ndi malungo. Akangodwala apite kuchipatala msanga ndipo anene kuti analumidwa ku gemu, asangoyezetsa malungo okha. Mawa ndikatuluka ku tchalitchi ndiwaperekeza alamu kokaonetsa tayala lija, ngati silimatika tagwirizana kuti mtengo wa lina tigawana pakati.