Sabata ya chiperoni pa Phiri la Mulanje: pota wathu anatsika pa machira

Mwezi wa Julayi ndi umene ife magaidi ndi mapota a ku Likhubula, pachipata chokwerera Phiri la Mulanje, timaudikira chaka chonse, chifukwa alendo amachuluka, mitsinje imawolokeka ndipo munthu amapezako ndalama ya feteleza dzinja lisanafike. Koma ndi mwezi womwewunso umene chiperoni chimatulukira kuchokera ku Mozambique, nkhungu n'kuphimba phiri kwa masiku angapo, mvula yowaza n'kunyowetsa matanthwe onse. Sabata yathayi tinaona zonse ziwiri, ndipo ndikulemba mtima ukadali m'mwamba chifukwa cha zimene zinamuchitikira mnyamata wina amene ndimayenda naye.

Masiku oyambirira analibe nkhani. Lolemba ndinangokhala pachipata kudikira nthawi yanga pamndandanda wa magaidi ndi mapota, ndipo Lachiwiri ndinaperekeza ana asukulu ochokera ku Blantyre kukaona mathithi a pa Dziwe la Nkhalamba, ntchito imene vuto lake ndi kuletsa anyamata osadziwa kusambira kudumphira m'madzi ozizira aja. Lachitatu m'mawa ndi pamene galimoto ya kampani ina yotumiza alendo inafika ndi azungu asanu ofuna kukwera Sapitwa, nsonga yaitali koposa zonse ya phirili.

Nditaona katundu amene anatsitsidwa m'galimotomo ndinadziwiratu kuti mapota atatu amene kampaniyo inalipira sangakwanire. Panali zikwama za alendo, makatoni a zakudya ndi zakumwa, mapoto, ndiponso silinda ya gasi. Tonse timaudziwa mlingo wa katundu woyenera kunyamula munthu mmodzi, ndipo apa mlingowo unapitirira kwambiri. Ndinamuuza woyendetsa galimoto, yemwenso anali woimira kampani, kuti awonjezere anthu awiri. Yankho lake linali lakuti, "Achimwene, ndalama inawerengedwa kale ku ofesi. Ngati anyamatawa sakufuna, ena ali panjapa." Ndinatembenukira kwa anyamata aja kuti tikane limodzi, koma wamkulu wawo anangoti, "Tiyeni tizipita, kunyumba kulibe ufa." Umu ndi mmene makampani oterewa amatigonjetsera. Amadziwa kuti kuseri kwa pota aliyense wokana katundu kuli ena ambiri amene akhala osagwira ntchito kwa milungu.

Tinakwera bwino mpaka kunyumba yogona ya ku Chambe, ndipo Lachinayi tinafika ku ina ya ku Chisepo kudakali dzuwa. Lachisanu mbandakucha ndinatenga alendo kupita pamwamba, mapota atatsala kunyumba yogona monga mwa nthawi zonse. Tinafika pansonga ya mamita 3,002 kumwamba kuli mbee, dambo la Phalombe likuoneka lonse, ndipo ndinanyadira kuti alendo onse asanu anakwanitsa, ngakhale mayi wina wachikulire amene m'malo otsetsereka ankakwawa ndi manja. Potsika ndinaona mtambo woyera ukukwera kuchokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo ndinawafulumizitsa. Amene tinalipo mu 2009, pamene mlendo wa ku Brazil anasochera n'kufera pa Sapitwa, sitichita masewera ndi nkhungu imeneyo.

Nzeru yanga inali yakuti tigonenso ku Chisepo, koma ndondomeko ya kampani inali yoti alendo akagone ku Chambe kuti Loweruka akapeze galimoto nthawi yabwino, ndipo chakudya chinawerengedwa motero. Tinanyamuka masana mvula ikuwaza. Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, malo ena a njira zathu ali ndi miyala yosakhazikika, ndipo kukanyowa ndere zimaterera ngati therere. Tili pakati pa ulendo ndinamva phokoso la mapoto kumbuyo, kenako kukuwa. Pota wamng'ono pa onse, amene anasenza silinda pamwamba pa chikwama, anaterereka pathanthwe, katundu n'kumukokera pansi, mwendo n'kupanika pakati pa miyala iwiri.

Nditafika ndinapeza mwendo wakumanja wapindika mmunsi mwa bondo. Patapata wake mmodzi anali pambali, lamba atadukira pamene anamangapo kale ndi waya. Mnyamatayo sanalire, ankangonjenjemera milomo itayera, ndipo mawu oyamba amene anandiuza anali akuti, "Achimwene, silinda ija sinaphulike?" Bokosi la mankhwala limene kampani inatipatsa nditalitsegula munali mapulasitala ochepa, thonje, ndi mapiritsi a panado amene tsiku lake linatha kale. Munalibe bandeji ngakhale imodzi. Mayi wachikulire uja anavula chitenje chimene anagula pa Chitakale, tinaching'amba n'kumangira mwendowo ku ndodo ziwiri zoyendera za alendo.

Kupeza mitengo yopangira machira kunatitengera nthawi yaitali, chifukwa pamalopo moto wolusa ndi nkhwangwa zinasiya udzu ndi zitsamba zokha. Akuluakulu amene anatiphunzitsa ntchitoyi amanena kuti m'zigwa zina munthu ankayenda mumthunzi wa mkungudza, koma kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ya mkungudza yokhwima 7 yokha m'phiri lonse, ndipo mbande zimene zakhala zikubzalidwa sizinafike poti n'kuthandiza munthu. Pomaliza tinadula mitengo iwiri yopyapyala m'mbali mwa mtsinje, n'kuipisa m'manja mwa majekete atatu. Katundu tinamubisa kuseri kwa mwala, ndipo alendo awiri aamuna anagwira nafe machira osadikira kupemphedwa.

Ndinakwera pachitunda kusaka netiweki ndipo ndinaipeza movutikira. Nditawafotokozera abwana a kampani kuti munthu wathyoka mwendo, ndipo ndikufuna anthu ochokera kumunsi ndi galimoto yodikira ku Likhubula, funso lawo loyamba linali lakuti, "Nanga zikwama za alendo mwazisiya pati?" Kenako anandiuza kuti mapota si antchito awo, ndi aganyu, choncho za chipatala ndi za iwo eni. Ndagwira ntchitoyi zaka zambiri, ndatukwanidwapo ndi alendo otopa, ndagonapo ndi njala, koma sindinakwiyepo ngati mmene ndinakwiyira pachitunda chija. Munthu amene amadya chifukwa cha msana wa mnyamatayu sanafunse ngakhale dzina lake.

Tinafika ku Chambe mdima utagwa, tikuunikira ndi matochi a pamphumi. Alonda a panyumbapo, bambo achikulire odziwa phiri, anasonkha moto waukulu, anamufunditsa bulangete lawo n'kumuphikira tiyi. Ankamuuza kuti, "Limba mtima mwana wanga, mawa utsika." Mapota a gulu lina limene linagona pamenepo anabwerera usiku womwewo kukatenga katundu uja, ndipo m'mawa anayi mwa iwo anagwirizana ndi alendo awo kuti achedwetse ulendo n'cholinga chotithandiza. Tinatsika kudzera njira ya Chapaluka popeza Skyline ndi yotsetsereka kwambiri kwa anthu onyamula machira. Ulendo umene timauyenda maola ochepa unatidyera pafupifupi tsiku lonse, tikusinthanasinthana, ndipo powoloka mtsinje tinkachita kupatsirana machirawo mwala ndi mwala.

Kumunsi galimoto ya kampani inalipo, koma inabwerera alendo. Woyendetsa anayamba kunena kuti malo mulibe, mpaka alendowo anakana kukwera ngati wodwala satengedwa. Anamusiya kuchipatala ku boma, kumene anamuika pulasitala, ndipo madokotala anati adzakhala miyezi asanayambenso kusenza. Ndalama zimene mkazi wake ali nazo pano ndi zimene alendo aja anasonkha pamodzi ndi zimene ife tinaponya m'chipewa Lamulungu titatuluka m'tchalitchi. Nyengo ya alendo idzatha iye ali pamphasa.

Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri lathu pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo tinasangalala chifukwa makolo athu akhala akulilemekeza kuyambira kalekale. Chaka chilichonse anthu amabweranso kudzaombera m'manja mapota pa mpikisano wawo wothamanga, n'kumadabwa mmene amadumphira miyala. Koma anthu omwewa akamagwira ntchito yawo yeniyeni alibe nsapato zoyenera, alibe jekete ya mvula, alibe inshuwalansi, ndipo katundu wawo sayezedwa. Makampani abwino alipo, amene amafunsa gaidi kuti pakufunika anthu angati ndipo amalipira popanda kunyinyirika, koma amapikisana mitengo ndi ena amene amatchipitsa ulendo pochepetsa mapota.

Magaidi tagwirizana zokumana Loweruka likubwerali. Ine ndikapempha zinthu ziwiri: kuti tigule sikelo ndi ndalama zathu ndipo chikwama chilichonse chiziyezedwa alendo akuona, komanso kuti kampani ikakana kuwonjezera pota, pasapezeke wina pamndandanda wotenga ulendowo. Chachiwirichi ndikudziwa kuti chidzavuta chifukwa njala ili m'makomo mwa tonsefe, n'chifukwa chake ndayamba kale kuyendera anzanga a ku Thuchila ndi ku Fort Lister, malo ena oyambira kukwera phirili, kuti kampani yokanidwa ku Likhubula isakapeze anthu kumeneko.