Loweruka la sipika yapakati

Lero ndaswera kwa alamu anga ku Chilomoni. Anandiitana kuti ndikawaperekeze kukagula ampulifaya ina, chifukwa akamaonera filimu, kuphulika kwa mabomba kumagwedeza mawindo koma anthu akayamba kuyankhula sizimveka bwino. Mu Dolby Digital 5.1, njira yogawira mawu a filimu ku masipika asanu ndi subwoofer (sipika ya mawu okhuthala), pafupifupi mawu onse a ochita sewero amadutsira mu sipika yapakati, ndiye alamu sanaphonye pokayikira sipika imeneyo. Chimene ndinakana ndi ampulifaya imene anaiona m'tauni, yolembedwa 2000 W PMPO pa katoni. Nambala ya PMPO ndi yokopera ogula basi. Yoyenera kuiwerenga ndi ya RMS, yosonyeza mphamvu imene ampulifaya imapereka mosalekeza, komanso muone ngati anayeza masipika onse akulira kapena imodzi yokha.

"Alamu, tiyambe tatembenuza sipikayi tione kumbuyo," ndinatero.

Palembedwa 6 ohms (muyeso wa mmene sipika imakanizira magetsi) ndi 89 dB (muyeso wa kukula kwa phokoso). Tanthauzo la 89 dB n'lakuti ndi watt imodzi yokha, munthu ataima mita imodzi kuchokera pa sipika amamva phokoso la 89 dB. Sofa yawo ili pa mamita atatu, pamene phokoso limatsika ndi 9 kapena 10 dB, ndipo kuti mubweze zimenezo pamafunika mawatt 10 okha. Limenelo ndi phokoso loti aneba agogode pachitseko. Receiver yawo, ampulifaya imene ali nayo kale, imapereka mawatt oposa 70 pa sipika iliyonse. Ngakhale atagula ya 140, kuwirikiza mphamvu kawiri kumangowonjezera 3 dB, kusintha kochepa kwambiri pa ndalama yonseyo. Alamu anangoti, "Iii, zoona?" koma nkhope ikuonetsa kuti sanakhutire.

Vuto lenileni linali kuseri kwa kabati. Mnyamata wina amene anawalumikizira anamangirira sipika yachiwiri yaing'ono pa malo omwewo a yapakati, ati mawu achuluke. Masipika awiri a 6 ohms akalumikizidwa motero amatsika kufika pa 3 ohms n'kumakoka magetsi ochuluka, ndipo receiver imatentha n'kumadzizimitsa yokha kuti isapse. Alamu ankaganiza kuti ndi magetsi akuthimathima. Tinazimitsa zonse pakhoma, yachiwiriyo tinaichotsa.

Waya nawo unali wowonda ngati ulusi, timanyenje take tili balalabalala, kamodzi katatsala pang'ono kukhudza mbali inayo. Tinapita ku hardware kukagula wa kopa weniweni wa 1.5 mm². Pa mtunda waufupi chonchi ndi wokwanira, wa 2.5 mm² ndi wa masipika akumbuyo ngati waya ukuzungulira chipinda chonse. Chenjerani ndi wolembedwa CCA: ndi aluminiyamu wongokutidwa kopa pamwamba, umapepuka m'manja ndipo sudutsa magetsi mofanana ndi kopa. Mawaya odula aja amene amati amakometsa mawu, ine sindiwakhulupirira.

Chimene chinasangalatsa ana ndi kuyesa ndi batire la mu rimoti. Mukakhudzitsa waya kumapeto onse a batire la 1.5 V kwa kamphindi, chimbale cha sipika chimasuntha. Chikatulukira kunja, ndiye kuti waya umene uli ku + ya batire ndi umene ukupita ku + ya sipika, malo ofiira aja. Yawo inali yotembenuza, n'chifukwa chake mawu ankamveka opyapyala, akulimbana ndi a masipika akumanzere ndi kumanja.

Zotsalazo zinali zachangu. Sipika tinaikokera kutsogolo, m'mphepete mwa shelefu, n'kuipendeketsa kuti iloze makutu a munthu wokhala pa sofa. Mu menu ya receiver tinaiika pa Small, crossover (malire ogawira mawu ku masipika) pa 80 Hz kuti mawu okhuthala azipita ku subwoofer, kenako tinaikweza ndi 2 dB. Achemwali atabwera ndi nsima anafunsa ngati tagula kale chipangizo chatsopano.

Alamu akuti ndalama yapulumukayi agulira subwoofer ina yakaunjika. Ndawauza kuti asanalipire aone kumbuyo kwake: zochokera ku Japan zimafuna 100 V, za ku America 120 V, pomwe magetsi athu kuno ndi 230 V.