Kutsitsa ndi kutsuka sampu ya Land Rover yakale

Land Rover Series III ya amalume, ya injini ya petulo ya malita 2.25, imanyamula fodya ndi chimanga m'misewu ya fumbi ya ku Chamama kupita pa boma la Kasungu. Getsi lochenjeza za oyilo litayamba kuchedwa kuzima polizitsa m'mawa, ambiri anati injini yatha, igwetsedwe basi. Ine ndinapempha kuti tiyambe taona kaye mu sampu, pansi pa injini pomwe pamakhala oyilo. Posintha oyilo timangokhetsa wamadzimadzi, zolemera zimatsalira pansi chaka ndi chaka, ndipo ndi zomwezo zimene zimakuuza ngati injini ikufadi.

Ndinailiza pang'ono kuti oyilo afunde, atuluke mosavuta. Galimotoyi ndi yaitali, munthu amalowa pansi popanda jeke, koma ndinatchinga matayala ndi njerwa kutsogolo ndi kumbuyo. Handibuleki ya Series III imagwira shafiti kuseli kwa giyabokosi, osati matayala, choncho sindiidalira ndikagona pansi pake. Ndinachotsa waya wa batire, n'kuyala saka, n'kumasula bawuti yokhetsera oyilo. Muli malita oposa 6, chotchera chikhale chachikulu.

Pa mabawuti ozungulira sampu ndi pomwe anthu amaonongera. Injini zopangidwa chisanafike chaka cha 1980 zili ndi mabawuti a muyeso wa mainchesi. Sipanala ya mamilimita 13 imalowa ndithu pa mutu wa theka la inchi, koma imagwedera pang'ono, ndipo ukakoka mwamphamvu imadya makona mpaka mutu kukhala wozungulira. Ndinabwereka sipanala yoyenera kwa makaniko wina wachikulire pa boma. Pondipatsa anati, "Mwanawe, usiye mabawuti awiri m'mbali asanatheretu, apo ayi ikugwera kumaso." Ndinatero. Sampu inali itamatirira, ndipo ndinaigogoda m'mbali ndi chipika cha mtengo mpaka inalekana ndi injini. Kulowetsa sikuludiraiva pakati kumapinda mlomo wa sampu ndi kukanda chitsulo cha injini, kenako kudontha sikutha.

Nditaitulutsa padzuwa sindinathamangire kutsuka. Pansi panali phala lakuda lokhuthala, chala kulowa mpaka kubisa chikhadabo. Ndinatapa pang'ono n'kufikisa pakati pa zala. Munali timchenga, chizindikiro chakuti fumbi limadutsa, mwina chifukwa mu chosefera mpweya munakhala nthawi yaitali osasinthidwa oyilo; pa galimoto imeneyi fumbi limagwidwa ndi oyilo wa m'chosefera. Kenako ndinasungunula phalalo ndi palafini m'mbale yoyera n'kuyendetsamo maginito wa sipika yakale. Tizidutswa tachitsulo timamatira ku maginito, pomwe tonyezimira tofiirira ngati kopa sitimatira, ndipo timeneto tikachuluka ndiye kuti mabeyaring'i akudyeka. Ndinapeza fumbi lachitsulo lochepa chabe, tofiirira panalibe. Oyilo sanalinso wotuwa ngati tiyi wamkaka, zomwe zikadasonyeza kuti madzi akulowa mu injini. Mtima unakhala pansi.

Vuto linali pa sefa ya pampu ya oyilo, yomwe imalendewera m'kati mwa sampu. Mabowo ake ambiri anali atatsekeka ndi phala lija pamodzi ndi timinyololo ta silikoni wofiira womatira amene wina anapaka mopyola muyeso kalekale. Pampu imayamwa movutikira oyilo akadali wozizira, n'chifukwa chake getsi limachedwa kuzima. Ndinaiviika m'palafini, n'kuitsuka ndi mswachi wakale mpaka kuwala kukuoneka pa bowo lililonse. Silikoni wambiri ndimadana naye kwambiri: wofinyikira kunja umamuona n'kumupukuta, wofinyikira m'kati amakathera pa sefa.

Sampu yeniyeniyo ndinaipala ndi kathabwa, kutsuka ndi palafini, kubwereza, n'kuiyanika. Petulo sindigwiritsa ntchito potsuka, kamoto kakang'ono kangakuphulikire. Nsalu yothothoka ulusi nayonso ayi. Gasiketi yakale, chotsekera mpata pakati pa sampu ndi injini kuti oyilo asadonthe, ndinaipala yonse, pa sampu ndi pa injini pomwe.

Chimene ambiri amadumpha ndi kuwongola mlomo. Pa bowo lililonse la bawuti chitsulo chinali chitatukuka chifukwa cha kumanga mopitirira kwa zaka zambiri. Ndinagoneka rula yachitsulo pamwamba, mipata n'kumaoneka. Ndinatsamiritsa mlomowo pa chitsulo chosalala n'kumagogoda bowo ndi bowo ndi hamala yaing'ono mpaka rula inagona bwino. Popanda zimenezi gasiketi yatsopano imapanikizika pa mabowo pokha, pakati n'kumadontha.

Gasiketi ndinaimata ku sampu ndi girizi wochepa kuti isasunthe pokweza. Mabawuti onse ndinayamba kuwalowetsa ndi zala, kenako kumanga pang'onopang'ono, kuyambira pakati, mbali iyi kenako inayo, kubwereza kangapo. Gasiketi ikangoyamba kutuluka m'mphepete ndiye kuti wapyola. Pa bawuti yokhetsera ndinaika washa yatsopano ya kopa, n'kusinthanso fyuluta ya oyilo, n'kuthira oyilo wa 20W-50, yemwe injini zakalezi zimagwirizana naye m'kutentha kwa kuno.

Oyilo wakudayo ndinamuthira m'chigubu chotseka bwino, kutali ndi chitsime komanso khola la mbuzi, ndipo m'manja ndinasamba ndi sopo nthawi yomweyo chifukwa amaononga khungu.

Nditailiza injini, getsi linazima m'masekondi ochepa. Ndinaisiya ikulira, ndikuunika ndi tochi kuzungulira mlomo wonse, kenako ndinazimitsa, kudikira oyilo atsike, n'kuonjezera kufika pa mzere wa kachitsulo koyezera oyilo. Amalume anafunsa ngati angapite nayo ku Santhe tsiku lomwelo. Ndinati, "Pitani, amalume, koma mukabwera muiimike pa katoni youma, mawa ndidzaone ngati yadontha, ndidzapimenso mabawuti gasiketi ikakhazikika."