Mafunso a pambuyo pa nkhani amayesa, saphunzitsa

Mtima wanga wakhala pansi sabata ino. Chinthu chimene chakhala chikundizunguza mutu kuchokera pomwe tinayamba kosi ya kaphunzitsidwe ka ziyankhulo chamveka tsopano, ndiye ndati ndichilembe chisanazizire. Anzanga a chaka chomaliza, sindikutayitsani nthawi ndi magawo atatu aja a phunziro la kuwerenga, a asanawerenge, akuwerenga ndi atawerenga, kapena makwerero a Bloom osanja kaganizidwe kuyambira kophweka mpaka kozama, amene tinaloweza kalekale. Zimenezo tonse tikhoza kuzilemba ngakhale atatidzutsa pakati pa usiku. Chomwe chinkandisowetsa mtendere n'chakuti ukatsata zonsezo bwinobwino, mwana amene sankamva nkhani amatuluka m'kalasi asakumvabe. Wanzeru uja amakhoza monga mwa masiku onse. Nanga mphindi 40 zija zapindulira ndani?

Nkhani yagona apa. Ana akawerenga ndime, ife n'kuwafunsa mafunso khumi, n'kuchonga, pamenepo tawayesa ngati amva. Sitinawaphunzitse kamvedwe kake. Ntchito yeniyeni ya kumvetsa nkhani imachitikira m'mutu mwa wowerenga, kumene palibe amene amaona, ndipo mwana amene sanaionepo ikuchitika alibe poitengera. Zili ngati mayi amene amatuma mwana kukhitchini tsiku ndi tsiku, nsima ikabwera n'kulawa n'kunena kuti yosapsa, koma sanamuyimikepo pambali pa moto kuti aone mmene mthiko umayendera pothyakula. Mwanayo adziwa kuti akulakwitsa, basi.

Si maganizo achilendo ayi. Dolores Durkin wa ku University of Illinois, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anakhala m'makalasi a pulayimale ku America akungoonerera maphunziro a kuwerenga. Anapeza kuti nthawi imene aphunzitsi ankaphunzitsadi kumvetsa nkhani sinkakwana ndi 1 peresenti yomwe. Nthawi yambiri inkathera pa kufunsa mafunso, kupereka ntchito ndi kuona ngati ana ayankha molondola. Nditawerenga zimenezi ndinaona kalasi imene ndinakuliramo ine, ndiponso makalasi amene ndinaonerera pa TP, nthawi ija timatumizidwa kusukulu kukayesera kuphunzitsa. Papita zaka zoposa 40, dziko lake n'lina, koma phunzirolo ndi lomwelo: tsegulani tsamba lakuti, werengani chamumtima, yankhani mafunso m'makope.

Ndiye mphunzitsi achite chiyani? Awerenge pamaso pa ana n'kumayankhula zonse zimene zikuchitika m'mutu mwake, kuphatikizapo kukayika kwake. Kuganiza mokweza. Ndinaziyesa ndi Fomu 3 pa CDSS ina kumene ndinali pa TP, ngakhale kuti nthawi imeneyo ndinali ndisanamvetse bwino chifukwa chake zinayenda. Ndinalemba pabolodi kandime kamene ndinapeka ndekha:

"Nabanda atafika kuchigayo anapeza mzere wa matumba wafika mpaka kumsewu. Anatula thumba lake la mphale n'kuyang'ana dzuwa. Kenaka anasenzanso n'kulowera njira ya kwa Nankhoma, yemwe mtondo wake sunkachoka pakhonde."

Funso linali lakuti, n'chifukwa chiyani Nabanda anapita kwa Nankhoma? Poyamba ndinawasiya ayankhe okha. Ambiri anangokopera chiganizo chachitatu chonse, chifukwa ndi momwe muli dzina la Nankhoma. Ndi nzeru imene ana athu anaitulukira okha: peza mawu a m'funso m'ndimemo, kopera kuyambira pamenepo mpaka pa mpumiro. Ndiye ndinaima pambali pa bolodi n'kuyamba. Mzere wafika kumsewu, ndiye kuti anthu ndi ambiri, achedwa. Wayang'ana dzuwa. Munthu ali pachigayo dzuwa amaliyang'aniranji? Mwina kwatentha, mwina akuona nthawi. Sindikudziwa, ndisunge zonse ziwiri. Wasenzanso, ndiye kuti wachoka osagayitsa. Tsono mtondowu wolemba wautchuliranji? Ndipo "wake" ameneyu akuloza ndani, Nabanda kapena Nankhoma? Ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Ndi wa Nankhoma. Aa, ndiye kuti akukasinja. Choncho dzuwa lija sikunali kutentha, inali nthawi.

M'kalasi munangoti zii. Kenaka mtsikana wina wa kumbuyo, amene sankayankhula kawirikawiri, anati mwina kwawo kunalibe ufa wa madzulo, n'chifukwa chake sakanadikira kuti abwerenso mawa. Ine mfundo imeneyo sindinaiganizire n'komwe. Mnyamata wina anafunsa kuti, "Madamu, ndiye kuti inunso yankho mumachita kulifuna?" Funso limenelo ndi limene lakhala likundibwerera. Ana ambiri amakhulupirira kuti wodziwa kuwerenga amangoyang'ana n'kumva, ndipo iwo akakakamira penapake ndiye kuti mutu wawo ndi wouma. Sadziwa kuti tonse timabwerera m'mbuyo, timaganizira molakwa n'kukonza, timafunsa kuti mlowam'malo uyu akuimira ndani.

Kunena zoona, panopa ndikuona ngati njira imeneyi ingathe pafupifupi vuto lililonse la m'kalasi ya chiyankhulo. Tatengani chifupikitso. Timauza ana kuti atenge mfundo zikuluzikulu asiye zing'onozing'ono, ngati kuti mfundozo zimabwera zitavala zizindikiro. Koma ukaima pabolodi n'kumanena kuti chiganizo ichi chayamba ndi "mwachitsanzo", ndiye kuti chikungochirikiza cham'mwambachi, ndichifufuta, ziwiri izi zikunena chinthu chimodzi, ndiziphatikiza, mwana amaona mpeni ukudula. Chimangirizo chimodzimodzi. Mmalo mowapatsa mawu oyamba okongola oti akopere, lemba ako pamaso pawo, uyambe moipa, ukhwatche, unene chifukwa chake wakhwatcha. Ana sanaonepo munthu wamkulu akukhwatcha zolemba zake. Amaona zomalizidwa zokha m'buku, n'kumaganiza kuti zinabadwa choncho. Chimasuliro, note making ya ku Chingerezi, ngakhale ndakatulo, zonsezi ndi ntchito za m'mutu zimene MANEB idzafunsa pa MSCE, ndipo zonse zingathe kutulutsidwa poyera.

Zokambirana m'magulu nazonso ndaziona mwatsopano. Tonse tikudziwa mmene zimathera: wanzeru mmodzi agwira cholembera, awiri akumuyang'ana, ena onse akucheza za mpira. Timati ana ndi aulesi. Komatu tawatuma kukachita pagulu chinthu chimene sanaonepo munthu akuchita. Annemarie Palincsar ndi Ann Brown, mu 1984, anafotokoza njira imene mphunzitsi amayamba ndiye kusonyeza ntchito zinayi pa ndime: kulosera zobwera, kufunsa funso, kumasula posamveka ndi kufupikitsa. Akasonyeza kangapo, ana amayamba kusinthana udindo wa mphunzitsiyo m'gulu mwawo. Mfundo yake ndi yomwe David Pearson ndi Margaret Gallagher analemba mu 1983, yakuti udindo uzichoka kwa mphunzitsi kupita kwa mwana pang'onopang'ono. Ife timalumpha kuchoka pa kufotokoza n'kukagwera pa "khalani m'magulu", pakati ponsepo osapondapo.

Ndipo pa kayesedwe ndi pamene ndinasangalala kwambiri. Ukachonga kope n'kulemba 3 pa 10, wadziwa kuti mwanayo walephera, koma sunadziwe pamene wasochera. Ukamuuza kuti awerenge chiganizocho n'kukuuza zimene zikubwera m'mutu mwake, pasanathe mphindi ziwiri umamva wekha kuti wadumpha mawu akuti "ngakhale", kapena sakudziwa kuti "iye" ndi ndani. Ana atatu akhoza kupeza malikisi ofanana pa zifukwa zitatu zosiyana. Malikisi amabisa zimenezo.

Apa ndi pamene mtima umandiwawa. Zaka zonsezi ku koleji, aphunzitsi athu ena akhala akutiphunzitsa njira zoti ana azitenga mbali pochita kutiwerengera manotsi, ife n'kumalemba chete mpaka dzanja kuwawa. Mayina a njira timawadziwa ambirimbiri, ubwino wake usanu ndi kuipa kwake kusanu, zokayankhira mayeso. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga ndime n'kutisonyeza mmene iye amawerengera. Amene anabwera kudzandiona ndikuphunzitsa pa TP anakhala kumbuyo ndi pepala lake la mabokosi ochongamo poyesa mphunzitsi, ndipo pa gawo lija la Nabanda analemba kuti mphunzitsi anayankhula kwambiri, phunziro silinatsamire pa ophunzira. Ankafuna aone magulu ndi matchati pakhoma. Ndinayesa kufotokoza kuti kuyankhula kumasiyana, kwina ndi kuthira mayankho m'mutu mwa ana, kwina ndi kuwaonetsa njira, koma anali ndi sukulu ina yoti akafike dzuwa lisanalowe. Sindikuwada, nawonso ntchito yawachulukira. Koma bokosi lija likuphunzitsa anzathu ambiri kuti phunziro labwino ndi limene mphunzitsi wangokhala chete.

Nthawi nayonso ilibe chisoni. Piriyodi ndi mphindi 40, ana kulowa ndi kukhazikika zisanu zapita, buku limodzi anthu asanu kapena kuposa, ndiye ndime uyenera kuilemba pabolodi ndi choko chimene wachita kupempha. Kandime ka ziganizo zitatu kaja kanatidyera theka la piriyodi. Sikimu, ndondomeko ija ya zoti uphunzitse pa temu, ikuti sabata imeneyo umalize nkhani yonse ndi malamulo a chiyankhulo pamwamba, ndipo mkulu wa dipatimenti amayang'ana zimene zamalizidwa, osati zimene zamveka. Mphunzitsi wina wachikulire pasukulupo anandiuza mokoma mtima kuti, "Mwanawe, zimenezi n'zabwino, koma ukafika temu yachitatu ya Fomu 4 udzazisiya wekha, udzagwira mapepala a mayeso akale ngati tonsefe." Sindinamutsutse. Popanda kukhoza Chingerezi mwana saiona satifiketi ya MSCE, ndipo makolo amene agulitsa mbuzi kuti alipire fizi safunsa za njira.

Pali zinanso zimene zikundivutabe. Ndime ya Nabanda inayenda chifukwa ana onse amadziwa chigayo, mphale ndi mtondo. Nanga ndime ya Chingerezi yokamba za zinthu zimene sanazionepo, momwe mzere uliwonse muli mawu atatu achilendo? Pamenepo ngakhale nditaganiza mokweza mpaka mawu kusasa, mwana alibe pogwira. Mwina vuto lake si njira yowerengera, ndi kuchepa kwa mawu amene akudziwa ndi kusowa kwa mabuku oti aziwerenga payekha, ndipo zimenezo sizitha ndi phunziro limodzi la ine. Ndikuopanso kuti ana athu, ozolowera kuloweza, akhoza kuloweza kaganizidwe kanga komweko, kumanena kuti "ndibwerere m'mbuyo pang'ono" ngati nyimbo, m'mutu mulibe chikuchitika. Kumapeto kwa TP ndinamva mnyamata wina akunena mawu anga enieniwo m'gulu, ndi kamvekedwe kanga komwe, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ankaganizadi kapena ankangonditsanzira. Ndiponso m'kalasi ya ana oposa 80, amene ndingawamve akuganiza mokweza pa sabata ndi angati? Khumi mwina. Ena onsewo ndibwereranso ku kuchonga makope usiku, 3 pa 10, 6 pa 10. Sindinapezebe kuti ndidzawamva bwanji amenewo, ndipo amene mwaphunzitsa nthawi yaitali, ngati muli ndi njira, ndikufuna nditaimva ndisanapatsidwe kalasi yangayanga.